Mutu 5: Mzere wa pa Chitseko cha Dona

1. Dona

Pamsewu wa magalaji panalibe munthu wosamudziwa Dona. Dona sanali mzimayi ayi. Inali galimoto yakalekale yobiriwira, ya mphuno yaitali ndi nyali zozungulira ngati maso a kadzidzi. Mwini wake anali bambo ake a Kabulashi, makaniko wa magalimoto akale okhaokha.

Mayi ake a Kabulashi ankaitchula kuti “mkazi mnzanga.” Ankauza aliyense wofuna kumva kuti, “Ine ndikadwala amangoti imwa madzi ambiri. Koma mkazi mnzangayo akangotsokomola pang'ono, bambo chakudya sichilowa.”

Chimene chinkamutchukitsa Dona ndi chakuti chichokereni ku fakitale sanapakidwepo penti wina. Penti wake anali atasuluka. Padenga panali poyera ndi dzuwa, pafupi ndi zogwirira panali popekeseka ndi manja a anthu. M'mbali mwake munali kamzere kachikasu, kopyapyala ngati ulusi, kojambula pamanja, kochokera ku nyali yakutsogolo mpaka kumbuyo.

Makasitomala ankafunsa kuti, “Bwanji osaipenta, ioneke yatsopano?”

Bambo aja ankayankha akupukuta manja kuti, “Ya inuyo bwerani nayo ndipente, ndiyo ntchito yanga. Koma iyi ndi yeniyeni. Ukaipala kamodzi basi, madzi atayika.”

Kabulashi anali mwana wawo yekhayo, mtsikana wa kusekondale. Dzinalo analipeza ali wamng'ono chifukwa ankangokhalira kutsuka mabulashi a bambo ake. Atakula, bambo aja anamuphunzitsa kujambula mizere pa magalimoto amene abwera kudzapentedwanso. Mizere imeneyi si masewera. Umakoka bulashi kamodzi kokha, osaima, osabwerera. Amuna akuluakulu a ndevu ankalephera, koma Kabulashi ankakoka ngati akulemba dzina lake.

Za tsiku la tsoka anthu amanena zosiyanasiyana. Ine ndinamva kwa amayi ogulitsa tiyi pageti la galaji, ndipo iwowo anaona ndi maso, osati zongomva.

Unali m'mawa. Bambo aja anangogwa pansi, sipanala ili m'manja. Galimoto yokhayo imene inali ndi matayala onse anayi tsiku limenelo inali Dona. Anawagoneka pampando wakumbuyo, mutu pamiyendo pa Kabulashi, mapazi atatulukira kunja, moti chitseko sichinatsekeke. Amene anagwira chiwongolero anali mng'ono wawo, amene anthu amawatchula kuti a Changu chifukwa chilichonse amachita mothamanga. A Changu anabwerera m'mbuyo mwaliwiro, ndipo chitseko chija chinamenya chipilala cha geti. Phwaa! Chinapindika ngati chitini chopondedwa.

Bambo aja anatsegula maso n'kunena kuti, “Chitseko.”

Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza. Ena amati anati “mwana wanga,” koma amenewo akungokometsa nkhani.

Kabulashi sanalire. Kuchipatala sanalire, kumanda sanalire. Azimayi ankanong'onezana kuti mwana ameneyu ali ndi mtima wa mwala. Koma sunali mwala. Anangokhala ngati nyumba imene anthu asamukamo. Akamupatsa chakudya ankadya. Akamuuza kuti ima, ankaima. Ukamufunsa kuti uli bwanji, ankangoti, “Ndilipo.”

2. Chitseko china

Maliro atatha, galaji inazizira. Makasitomala anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzatenga magalimoto awo, ena ochita kukoka ndi chingwe. Ankapepesa bwinobwino, koma maso awo ankanena kuti a Changu sangawasiyire galimoto yakale.

Mayi ake a Kabulashi nawo sankafunanso kumuona Dona. Akabwera kugalaji ankazungulira kuseri kuti asadutse pamene anaima. Tsiku lina anangoti, “Alamu, chotsani chinthu chimenechi pamaso panga. Gulitsani. Galaji ipume, nafenso tipume.”

Wogula analipo kale. Anali dokotala wa mano wa kutsidya la tauni, munthu wosonkhanitsa magalimoto akale. Kwa zaka zambiri ankamupempha Dona, bambo aja n'kumangoseka. Koma dokotalayu anali ndi khalidwe lake. Sankafuna galimoto yopentedwanso kapena yosinthidwa kanthu. Ankafuna yeniyeni, ndi makwinya ake omwe. Ndipo za chitseko anali asanamve.

A Changu anazungulira malo onse otayako magalimoto akufa mpaka anapeza chitseko cha mtundu womwewo. Chinali chofiira. Anachipala, n'kusakaniza penti wobiriwira wosawala, n'kupopera. Tisawanamizire, ntchito imeneyo anaigwira bwino. Ukaima patali sukanadziwa. Chimene chinasowa chinali kamzere kachikasu kaja. Mzere unkachoka kutsogolo, n'kufika pachitseko chakumbuyo, n'kuduka, n'kukayambiranso uko.

Anayesa okha pa kachitsulo kena. Mzere wawo unatuluka ngati njira ya munthu woledzera.

Ndiye Lachitatu lina, Kabulashi akuchokera kusukulu, yunifomu ili m'thupi, anamuitana.

“Mwana wanga, tabwera kuno. Wadya?”

“Ndadya, bambo aang'ono.”

“Ukuona apa? Pakufunika dzanja lako. Ujambule mzere, kenako tiukalambitse pang'ono kuti ufanane ndi unzake. Basi. Ntchito ya kanthawi kochepa.”

Kabulashi anayang'ana chitsekocho. 

“Usandiyang'ane choncho,” anatero a Changu, ngakhale mwanayo sankawayang'ana n'komwe. “Si kuba kumeneku. Injini ndi yomweyo, mipando ndi yomweyo, denga ndi lomwelo. Chitseko chimodzi chokha! Kodi munthu akaika dzino lachitsulo amasiya kukhala munthu? Dokotalayo tsiku lililonse amaika mano abodza m'kamwa mwa anthu, ndipo amawapaka mtundu kuti afanane ndi enawo. Ndani anamumangapo? Ifenso tikuika dzino limodzi. Tikamuuza zoona adzatembenuka n'kupita, ndipo galaji ino tidzatseka. Amayi ako ukuwaona mmene aonderamu. Ukufuna azidutsa kuseri mpaka liti?”

“Nanga akamva kwa anthu?” anafunsa Kabulashi. Anafunsa ngati akufunsa nthawi.

“Amva kwa ndani? Munthu ameneyo samwa tiyi wa pageti.”

“Chabwino.”

A Changu anadabwa. Anali atakonzekera mawu ena ambiri, koma anangowameza. “Chabwino chiyani?”

“Ndijambula.”

3. Chenjezo la a Singano

Mabulashi a bambo ake ankakhala m'kachitini, m'kachipinda ka kumbuyo kwa galaji. M'kachipinda kameneko ndi mmene munkagwira ntchito a Singano, mkulu wosoka mipando ya magalimoto, mnzawo wa bambo aja kuyambira ali anyamata.

A Singano anali munthu wamfupi wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Anthu amati akazi awo anawathawa chifukwa ankasoka mipando ya anthu onse m'tauni, pamene kunyumba kwawo alendo ankakhala pamipando yotuluka thonje. Kaya ndi zoona kaya, ine ndangonena zomwe ndinamva.

Kabulashi atalowa anawapeza akusoka chikopa chofiirira. Anaimitsa makina.

“Wabwerera chitini,” anatero. Khoma la kachipindako linali la malata, choncho anali atamva zonse.

“Eya.”

“Khala pansi kaye, mwanawe.”

Kabulashi anakhala pa mpando wa basi wopanda nsalu. A Singano anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya, n'kuyamba.

“Ndimvere bwino, chifukwa sindibwereza. Kukonza si tchimo. Ine ndakhala ndikukonza moyo wanga wonse. Mpando ukang'ambika ndimasoka. Chitseko chikaphwanyika timaika china. Palibe galimoto imene ingayende ndi chitseko cholendewera. Bambo ako akanakhala ndi moyo, nawonso akanaika chitseko china, ndipo akanakuitana iwe kuti ujambule mzere. Mpaka pamenepo palibe cholakwa.

“Cholakwa chili pa zomwe mukufuna kuchita mzerewo ukauma. Mukufuna kuupaka zaka zomwe sunakhale. Mukufuna chinthu chobadwa dzulo chizinena kuti ndinaona nkhondo. Pamenepo si kukonzanso ayi. Pamenepo wayamba kulankhula ndi bulashi, ndipo ukulankhula bodza.

“Pita ukaone mpando wa dalaivala wa Dona. Kumanzere kuli chigamba. Ndinasoka ine. Ndinkafuna kuchidetsa kuti chisaoneke, koma bambo ako anandigwira dzanja. Anati, ‘Chisiyeni chioneke. Wodzagula adzadziwe pamene pathera fakitale ndi pamene payambira Singano.’ Ndinakwiya, chifukwa ndinkatha kuchibisa bwinobwino. Koma kuyambira tsiku limenelo munthu akafuna kudziwa zoona za galimoto yakale, ankabwera pano. Sankabwera chifukwa cha masipanala. Masipanala ali paliponse. Ankabwera chifukwa bambo ako akati ichi ndi chenicheni, nkhani yatha.

“Dokotala uja sadzakhulupirira a Changu. A Changu ngakhale atanena kuti kunja kukugwa mvula, munthu amayamba watulutsa dzanja pawindo. Iye akudalira dzina la bambo ako. Ndiye ukamakalambitsa mzere uja, dziwa kuti chomwe ukugulitsa ndi dzina limenelo. Ndipo dzina, mwanawe, si chitseko. Sungakalipeze kotayira magalimoto akufa.

“Jambula mzere. Ujambule mokongola, uwale ngati mmene ulili. Dokotala akabwera umuuze kuti, ‘Apa panaphwanyika tsiku limene tinkathamangitsa bambo kuchipatala, ndipo mzerewu ndajambula ine.’ Mwina adzagula, mwina sadzagula. Ameneyo ndi mtima wake. Koma iwe udzayenda pamsewu uno osazemba munthu. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Bulashi nayonso ndi mlomo.”

Anasiya kulankhula. Panja wina ankamenya chitsulo, ngo, ngo, ngo.

Kabulashi anamva mawu onsewo. Sanaphonye ngakhale limodzi. Koma ankamveka ngati wailesi ya kwa aneba, yolankhula za mvula ya kudera lina.

“Wandimva?”

“Ndamva, a Singano.”

“Ndiye uchita bwanji?”

“Ndipatseni chitini.”

A Singano anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakwera pa kampando, n'kutsitsa chitini pa shelefu.

“Sindingakukanize. Ndi zako.”

4. Tiyi wozizira

Kabulashi anavala ovolosi ya bambo ake pamwamba pa yunifomu, n'kupinda mikono. Anasankha bulashi ya ubweya wautali. Anasakaniza penti wachikasu pa chivundikiro cha chitini, n'kudonthezamo kabulauni pang'ono, n'kuyerekeza ndi mzere wakale. Anawonjezera kadontho kena.

A Changu ankangozungulirazungulira. “Wakwana? Sunakwane? Ndikugwirire chiyani?”

“Mukunditchinga kuwala, bambo aang'ono.”

Anasuntha msanga.

Kabulashi anagwada. Anatsamiritsa chala chaching'ono pa chitsulo, n'kuika nsonga ya bulashi pamene mzere wakale unathera. Anakoka mpweya. Kenako dzanja linayenda lokha, phee, kudutsa pansi pa chogwirira, mpaka kukakumana ndi mzere wa kumbuyo. Sunanenepe, sunaonde. Unangolowa mwa unzake.

“Mayo ine!” anatero a Changu, manja ali kumutu. “Achimwene enieni!”

Mzere unali wokongola, koma unkawala. Aliyense akanaona kuti ndi watsopano. Ukanasiyidwa choncho, ukananena wokha zoona zake, ndipo ndi zomwe a Singano anapempha. Kabulashi anatsuka bulashi n'kupita kunyumba.

Penti atauma bwino, a Changu anapita pageti ndi kapu.

“Mundipatse tiyi wakuda bii. Wopanda shuga, wopanda mkaka. Akhale wozizira.”

Amayi a tiyi aja anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. “A Changu, inu amene mumathira shuga mpaka supuni kuima yokha? Mwayamba kudwala kapena mwayamba kupemphera?”

“Ndithireni, mayi, musandifunse ngati apolisi.”

Madzulo a tsiku limenelo Kabulashi atafika, anawapeza atagwada pachitseko. Pambali panali kapu ya tiyi, phulusa pa pepala, ndi kasandipepa kotha. Palibe anamuitana. Ntchito yake inali itatha. Akanatha kungodutsa n'kukakhala kwa a Singano.

Koma anaima n'kumaonerera. A Changu ankapala mzere wonse mofanana, kuyambira uku mpaka uko, mothamanga monga mwa masiku onse.

“Mukuwononga,” anatero Kabulashi.

“Ati?”

“Mzere sukalamba chonchi. Patseni.”

Anatenga sandipepa m'manja mwawo. Iye ankachidziwa chitseko chakale chija kuposa wina aliyense, chifukwa ndi chomwe ankalowera kuyambira ali kamwana. Ankadziwa kuti pansi pa chogwirira mzere unali utatheratu chifukwa cha zala. Ankadziwa kuti chakumbuyo unali ndi timing'alu tating'ono ngati chidendene cha m'chilimwe. Ankadziwanso pamene lamba wa chikwama chake cha sukulu ankakhula.

Anapala pofunika kupala, n'kusiya pofunika kusiya. Anatenga singano ya pa kolala n'kulemba timing'alu. Anaviika kansanza mu tiyi, n'kudinda pang'onopang'ono, n'kudikira kuti aume, n'kudindanso. Pomaliza anapaka phulusa ndi chala, n'kupukuta ndi mkono wa ovolosi.

M'kachipinda muja makina a a Singano anali atasiya kulira. Anakhala chete nthawi yonse imene Kabulashi anagwada pamenepo. Atangoimirira, anayambanso.

A Changu anabwerera m'mbuyo, n'kupendeketsa mutu. Anayandikira, n'kubwereranso.

“Ine amene ndinaika chitsekochi ndikukayika,” anatero motsitsa mawu. Sanaseke. Anayang'ana mwana wa mkulu wawoyo ngati akumuona koyamba.

Kabulashi anathira tiyi wotsala pansi n'kukabweza kapu pageti.

5. Dokotala wa mano

Anabwera Loweruka m'mawa. Anali munthu wamtali, wa imvi, wolankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anayamba wapita kwa mayi ake a Kabulashi, amene anaima pakhomo la ofesi atafulatira galimoto. Anawagwira dzanja ndi manja awiri.

“Pepani, mayi. Ndinali kunja kwa dziko, ndamva mochedwa. Tataya munthu.”

“Zikomo, adokotala.”

Dokotala atapita kukaona galimoto, mayi aja anakoka a Changu pambali. “Alamu, za chitseko mwawauza?”

“Zonse tinakambirana pafoni, alamu. Musadandaule.”

Kabulashi anali pomwepo. Anamva. Anayang'ana nsapato zake.

Dokotala sanafulumire. Anamuzungulira Dona manja ali kumbuyo. Anatsegula kutsogolo n'kuyang'ana injini. Analowetsa mutu m'kati n'kununkhiza mipando, maso ali chitsekere. Ataona chigamba cha pampando wa dalaivala anaseka.

“Ichi ndikuchidziwa. Malemu anandionetsa okha tsiku loyamba. Ndisanafunse n'komwe.”

Kenako anafika pachitseko chija. Anagwada, buluku lake loyera n'kukhudza pansi pa mafuta. A Changu anayamba kutsokomola opanda chifuwa. Dokotala anayendetsa chala pa mzere, pang'onopang'ono, mpaka pansi pa chogwirira pamene unazimiririka.

“Taonani apa,” anatero. “Zala za anthu zaka zonsezi. Zimenezi sungagule, sungapange. Ndipo amene anajambula mzere uwu anafa kalekale. Anthu a manja otere anatha.”

“Anatha, bwana,” anatero a Changu. “Anatheratu.”

Dokotala anaimirira n'kusasa mawondo. Sanawayang'ane a Changu. Anatembenukira kwa Kabulashi.

“Iwe ndiwe mwana wa malemu?”

“Eya.”

“Bambo ako sanandinamizepo. Kangapo anandiletsa kugula magalimoto amene ine ndinali nditawakonda kale. Lero palibe. Ndiye ndifunsa iwe, chifukwa wakulira m'galimoto imeneyi. Kupatula chigamba chija, pali china chimene chinasinthidwa?”

Pagalaji panangoti zii. Ngakhale womenya chitsulo uja anapuma. A Singano anali ataima pakhomo la kachipinda kawo, ulusi uli pakamwa. Mayi aja anali atalowa mu ofesi.

Kabulashi anadikira pang'ono, ngati munthu amene wagogoda pakhomo n'kumamvetsera ngati muli anthu. Simunamveke kanthu.

“Palibe,” anatero.

Linatuluka mosavuta, ngati “ndilipo.”

Dokotala anagwedeza mutu. “Basi. Kwa ine zakwana.”

A Singano analavula ulusi uja n'kubwerera m'kati.

Za mapepala anakakambirana mu ofesi. Potuluka, dokotala anali ndi makiyi m'manja ndipo nkhope yake inali ngati ya mwana. Anaitana onse, ndi mayi omwe.

“Mwezi wamawa kuli chionetsero cha magalimoto akale pabwalo lalikulu. Dona ndikamuika m'gulu la magalimoto osakhudzidwa. Koma sindikufuna dzina langa pamenepo. Ndidzalembetsa dzina la malemu pa chikwangwani, chifukwa anamusunga ndi iwo. Ndipo ndikupempha kuti mwanayu adzaime pambali pake, adzafotokozere anthu m'malo mwa bambo ake. Mayi, mundilola?”

Mayi aja anagwira pakamwa. Misozi inatsika, koma sinali ngati ya masiku onse aja.

“Dzina lawo? Pa chikwangwani?”

“Ndi zilembo zikuluzikulu.”

“Kabulashi, wamva? Yankha, mwana iwe!”

“Ndidzabwera,” anatero Kabulashi.

Dona analira kamodzi kokha n'kudzuka. Dokotala anatuluka pageti mosamala kwambiri, akuyang'ana chipilala mbali iyi ndi mbali iyo. Amayi a tiyi anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma a Changu anawagulira tiyi anyamata onse a pamsewu, nkhani n'kusowa polowera.

6. Wofunsa mafunso

Pamene Dona ankaima panatsala banga lakuda la mafuta ndi malo aakulu opanda kanthu. Kabulashi anapukuta mabulashi, n'kuwapaka mafuta kuti asaume, n'kupita nacho chitini kwa a Singano.

“Ndabweza.”

“Usaike pa shelefu yanga,” anatero a Singano osadzutsa mutu. “Pita nacho kwanu.”

Kabulashi anaima chitini chili m'manja.

“Ntchito waigwira bwino,” anapitiriza. “Ndinapita kukaona m'mawa anthu asanabwere. Bambo ako sakanatha kubisa chonchija. Wawaposa. Sindikudziwa ngati ndikuyamikire kapena ndikulirire.”

“Mukawauza adokotala?”

“Ine? Ayi. Sindine wa miseche, ndipo sindinanene ine kuti palibe. Mawu amenewo ndi ako. Wokawabweza ndi iwe. Chipatala chake chili kuseri kwa positi ofesi, ndipo Lolemba amatsegula. Njira ndi imeneyo, ikadali yotsegula.”

Anadula ulusi ndi lumo, n'kutembenuza chikopa.

“Koma pali chinthu chimodzi chimene a Changu sakuchidziwa, chifukwa kuchionetsero sanapiteko. Amati n'kotayitsa nthawi. Kumeneko galimoto salowetsa m'gulu la zosakhudzidwa chifukwa choti mwini wake walumbira. Pamakhala anthu oyendera galimoto iliyonse, n'kunena pamaso pa gulu ngati ili yeniyeni. Chaka chilichonse ankaitana anthu awiri a pagalaji ino, bambo ako ndi ine. Chaka chino anditumizira kale uthenga. Ndidzakhala ndekha.”

A Singano anapitiriza.

“Ndakunyamula uli khanda, mwanawe. Koma akadzandifunsa, ndidzayankha. Ndipo mwambo wake ndi wakuti woyendera amayamba wafunsa munthu amene waima pambali pa galimoto. Ndidzakufunsa funso lomwe lija, pa chimkuzamawu, amayi ako atakhala kutsogolo.”

Anaponda makina. Singano inayamba kukwera ndi kutsika.

Nthawi yomweyo chitseko cha malata chinatseguka. Anali mayi ake a Kabulashi. Anali asanalowemo m'kachipinda kameneko chimwalirireni amuna awo, ndipo lero anadutsa pakati penipeni pa galaji, osazungulira kuseri. Ankamwetulira. Kabulashi anali ataiwala kuti mayi ake ali ndi kampata pakati pa mano.

“A Singano, tabwerekeni tepi yanu yoyezera. Mwanayu sangakaime pamaso pa anthu ndi madiresi ake aja, onse afupika. Ndimusokera latsopano. Ndiitananso azakhali ake onse, adzaone dzina la mchimwene wawo.”

A Singano anaimitsa makina. Anachotsa tepi m'khosi mwawo n'kuipereka.

“Ika pansi chitinicho,” anatero mayi aja. “Ima bwino. Iwe, waonda bwanji! Kweza manja.”

Kabulashi anakweza manja.